Odi, Mwini Thupi

1

Amene analemba nkhani ija ya dzanja lofumbata ndimamudziwa. Ndimutchula, musade nkhawa. Koma muyambe mwamva zimene inuyo, owerenga ndi omvera, munachita nayo.

Dzina langa ndine Zakia. Ndimakhala kwa Mponda, ku Mangochi kuno. Ndili ndi mwana mmodzi wa zaka ziwiri, Subira, ndipo ndimakazinga mandasi n'kumagulitsa pa siteji ya maminibasi. Sukulu ndinalekezera Fomu 2, mimba itayamba kukana yunifolomu.

Linali Lachiwiri m'mawa, tili pa mjigo. Ndowa zinali zitandandalika mzere wautali, ndiye Lusiya, mnzanga amene timagulitsa limodzi pa siteji, anasolola foni m'chitenje.

"Amayi inu, iyi mwaimva? Ine dzulo chakudya chinandikanika nayo."

Nkhaniyo inayambira pa tsamba lina la Facebook pomwe anthu amatumizapo nkhani zopeka. Wolemba wake anadzitcha Namasupuni. Kenako bambo wina wa mawu okhuthala anaiwerenga mokweza n'kujambula, basi inayamba kudumpha foni ndi foni pa WhatsApp mpaka inafika kwa anthu amene sanapondepo m'kalasi.

Inali yaifupi. Mayi wina wamwalira. Wosambitsa maliro walowa m'chipinda, waima kumutu kwa malemuyo n'kunena kuti, "Odi, mwini thupi." Wayamba ntchito, koma wapeza dzanja lamanja lafumbata gwa! Wathira madzi ofunda, wapaka mafuta, dzanja osafumbatuka. Amukulunga choncho mu sanda, amuna anyamula, akaika. Wosambitsa uja wabwerera kwawo, akuti asambe m'manja, wapeza dzanja lake lomwe lafumbata. Ndipo mkati mwake muli kanthu kofunda, kakugunda ngati mtima wa mwanapiye.

Nkhani inathera pomwepo.

Amene ankapopa mjigo anali atasiya kalekale.

"Ndiye?" anafunsa mayi wina. "M'manjamo munali chiyani?"

"Yatha," anatero Lusiya.

"Yatha bwanji? Nkhani imatha choncho? Wolembayo ndi wamisala kapena foni yako yathima?"

"Astaghafirullah, ine tsitsi langa laima."

"Izi si zopeka izi," anatero wina wa kuseri kwa msika. "Munthu sangapeke zoterezi. Tabwezera pamene akulowa m'chipinda paja."

Lusiya anabwezera. Mawu okhuthala aja ananenanso: Odi, mwini thupi.

Kenako maso onse, amodziamodzi, anatembenukira kwa ine. Chifukwa kwa Mponda konse kuno, munthu amene amaodira mtembo asanaukhudze ndi mmodzi yekha. Ndi amayi anga ondibereka, Abiti Uladi.

2

Amene simuli a kuno ndikuuzeni. Kwa ife Asilamu, mkazi akamwalira amasambitsidwa ndi akazi anzake. M'chipinda mumalowa anthu ochepa: wosambitsa, wothira madzi, ndi wachibale mmodzi kapena awiri. Lamulo lake ndi limodzi, ndipo ndi lolemera kuposa mtembowo. Chimene maso aona m'chipinda chija chimakwiriridwa limodzi ndi mwini wake. Chipsera, chotupa, mimba yobisa, mikwingwirima ya mwamuna, zonse.

Amayi agwira ntchito imeneyi zaka makumi awiri ndi zitatu. Salandira kanthu. Akaitanidwa amasiya mphika pamoto. Kuodirako ndi kwawo okha, sikuli m'buku lililonse. Amati thupi ndi nyumba ya munthu, sungalowe ngati mbuzi.

Pofika Lachisanu nkhani ija inali itadya boma lonse. Pa Facebook ndemanga zinkagwa ngati mvula.

"Adimini chotsani zausatana izi."

"Wolemba watithera bandulo, nkhani yopanda mchira."

"Ine ndaiwerenga kanayi, ndikuopa kuyang'ana dzanja langa."

Ndiye panabwera wina: "Zinachitikadi izi, kwathu ku Mangochi. Mayi wosambitsayo ndimamudziwa, mpaka lero dzanja lake silitambasuka."

Wabodza iwe, kulikonse kumene uli. Amayi ali ndi nyamakazi. Zala zawo ziwiri za kumanja zinapindika zaka zisanu zapitazo, ndipo aliyense ankadziwa zimenezo. Koma sabata imeneyo anthu anaiwala nyamakazi. Akamadutsa mumsika maso onse anali pa dzanja. Ena ankapereka moni manja ali kumbuyo.

Lamlungu kunali sadaka kwa aneba athu, chakudya chokumbukira malemu. Amayi anagwira chipande kuti agawe mpunga monga amachitira nthawi zonse. Mwini nyumba anabwera akumwetulira kumene.

"Abiti Uladi, pumulani lero. Atsikanawa agawa."

"Sindinatope."

"Pumulani basi."

Anawalanda chipande m'manja. Ine ndinali pomwepo, Subira ali kumbuyo. Ndinadzuka.

"Mpunga umenewu muudye nokha! Pamene munkawagogodera kuti akusambitsireni mayi anu, dzanja lomweli simunalione?"

"Zakia," anatero amayi. "Khala pansi. Pano ndi pa sadaka."

Anakhala pamkeka, nadya mpunga wawo mpaka kumaliza, ndi dzanja lomwelo.

3

Patapita masiku awiri kunabwera mayi Ajira.

Mayi Ajira anataya mwana wawo wamkazi, Safia, miyezi inayi m'mbuyomo. Anamwalira pobereka, khanda linatsala. Anamusambitsa ndi amayi anga. Ndipo tsopano m'makwalala anthu anali atagamula kale kuti mayi wa m'nkhani uja ndi Safia. Ena ankati anafumbata chithumwa. Ena ankati anafumbata kapepala kolembapo dzina la bambo weniweni wa khandalo. Mwamuna wa Safia anali atasiya kupita kukaona mwana.

Ine ndinali kwa amayi tsiku limenelo, ndikusefa ufa wa mandasi pakhonde. Mayi Ajira sanaodire, sanapereke salamu.

"Abiti Uladi, tulukani!"

Amayi anatuluka akukonza mpango kumutu.

"Mwana wanga munamugulitsa kwa ndani?"

"Sindinanene za mwana wanu kwa munthu aliyense."

"Bodza! M'chipinda chija tinalimo atatu. Ine, inu, ndi mchemwali wanga amene ali ku Joni. Dzanja la Safia ndinaliona ndi maso angawa, litafumbata. Lero lili pa foni ya kondakitala aliyense. Ndinanena ndine?"

"Simunanene inu."

"Ndiye ndani?"

Amayi anangokonzanso mpango kumutu, mayi Ajira napitiriza.

"Lumbirani kuti wolembayo simukumudziwa. Ndibweretse Kurani mugwire?"

"Musabweretse," anatero amayi. "Ndanena kuti za Safia sizinatuluke pakamwa panga. Zina sindiyankha."

Mayi Ajira anaomba m'manja kamodzi, natembenukira anthu amene anali atadzaza kale kumpanda.

"Mwamva? Akukana kulumbira! Amayi inu, amene muli ndi zipsera bisani, mukafa zidzawerengedwa pa WhatsApp!"

Chodabwitsa n'chakuti sabata yomweyo kunabweranso mabanja ena awiri. Lina linachokera ku Nkopola, pa njinga zamoto ziwiri. Onse mawu ake amodzimodzi: mayi wa m'nkhaniyo ndi wathu, dzanja lake tinaliona. Nkhani imodzi, mitembo itatu. Aliyense ankalimbirana kuti manyaziwo ndi ake.

Onsewo amayi anawayankha chimodzimodzi. Sindinanene. Zina sindiyankha.

"Bwanji simukulumbira kuti izi zithe?" ndinawafunsa alendo atapita.

Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Ufa wako ukuuluka ndi mphepo," anatero, nalowa m'nyumba.

4

Kenako anamwalira mayi Zena.

Mayi Zena ndi amayi anga anavinidwa limodzi. Anakwatiwa chaka chimodzimodzi, amuna awo anamwalira motsatizana, ndipo kwa zaka zonsezi mayi Zena, akakhala kuti sakudwala, ndiwo ankathira madzi amayi akamasambitsa. Atayamba kudwala shuga ankakonda kunena pamaso pa anthu kuti, "Ine thupi langa asadzaligwire wina. Uyu yekha. Ndipo udzaodire mokweza, ukudziwa kuti khutu langa ndi lolimba."

Uthenga unafika m'mawa. Amayi sanalire. Anasamba, navala zoyera, natenga kachikwama kawo ka nsalu momwe mumakhala magolovesi, thonje, sopo ndi tinsalu tophimbira. Anakhala pakhonde, kachikwama pamiyendo, kudikira kuti abale a malemu atume munthu. Wosambitsa sapita yekha, amaitanidwa.

Dzuwa linakwera. Palibe anabwera.

Cha m'ma 10 koloko galimoto yaing'ono inadutsa pamsewu, kumbuyo kutakhala mayi wina wachilendo. Anali wosambitsa wa ku Nkope. Ana a mayi Zena analolera kuthira mafuta ulendo wonsewo kuopa amayi anga, amene nyumba yawo ili mayadi asanu kuchokera pa siwa.

"Tiyeni tipite," ndinatero. "Ndikawakumbutse mawu a mayi awo. Ndikawatukwane mmodzimmodzi."

"Ukatukwane pamaliro a Zena?"

"Ndiye mungokhala?"

"Mwina atuma munthu wothira madzi. Ngakhale kuthira madzi kokha ndivomera."

Sanatume. Itatha swala, pemphero la masana, tinamva amuna akudutsa ndi jeneza, chonyamulira maliro, akusinthana mapewa, ulendo wa kumanda. Amayi anaimirira mpaka mawu awo anazilala. Kenako anatsegula kachikwama kaja, natulutsa sopo amene anagula mwezi wathawo, wa fungo la ndimu limene mayi Zena ankalikonda. Anamuyang'ana, namubwezeramo.

Madzulo ake mwamuna wanga Amidu, amene amayendetsa kabaza wa njinga yamoto, anafika kunyumba atafiira maso.

"Apongozi anga achitidwa chipongwe chotere ine ndili moyo? Namasupuni ameneyu ndikadzamugwira, make Subira, wallahi ndidzamumangirira kunjinga n'kumukhwekhwereza mpaka pa buliji."

"Tiyi wanu akuzizira," ndinatero.

Ndinamusunthira kapu osamuyang'ana m'maso. Chifukwa munthu amene ankafuna kumukhwekhwerezayo ndi amene ankamuthirira shuga.

5

Inde. Namasupuni ndine.

Kusukulu ndinkakhoza chinthu chimodzi, chimangirizo. Aphunzitsi ankawerenga zanga kutsogolo kwa kalasi. Mimba itabwera zonse zinathera pomwepo, koma mutu sunamve kuti sukulu yatha. Ndikakanda ufa masana, podikira kuti ufufume, ndinkalemba tinkhani pa foni yanga yosweka galasi. Zitatu zoyamba zinali zachikondi. Palibe anazilabadira, kupatula munthu mmodzi amene analemba kuti "zabwino sisi" mwina chifukwa cha chisoni.

Ya dzanja ndinailemba tsiku limodzi. Dzanjalo ndinapeka. Kamtima ka mwanapiye ndinapeka. Safia sindinamuganizeko n'komwe, ndipo m'chipinda chake sindinalowemo. Koma nditafika poti wosambitsa akulowa, ndinafuna mawu oti owerenga amve kuzizira kumsana. Ndinakumbuka tsiku lina, chaka chathachi, mayi Zena atagonekedwa kuchipatala, pamene amayi ananditenga kuti ndikathire madzi. Ndinawamva akuodira mtembo. Mawu atatu okha. Ndinawatola ngati mmene umatolera nkhuni ya pabwalo la eni, n'kumati ndani aone.

Ndiye mufunsa kuti bwanji sindinaulule tsiku la pa mjigo lomwe lija. Ndikanatha kunena kuti ndinkaopa Amidu, kapena apongozi. Zoona, ndinkaopa. Koma ndalonjeza kuti pano sindinama. Masiku oyambirira aja zinkandikomera. Anthu masauzande akukangana za chinthu chochokera m'mutu mwanga, ine wa mandasi, wa Fomu 2. Ndinkabisala kuseri kwa bafa kuwerenga ndemanga. Pamene ndinkakalipira mwini sadaka uja, foni inali m'chiuno mwanga ikunjenjemera ndi ndemanga zatsopano. Nditadzaifufuta nkhaniyo, inali ili kale m'mafoni a dziko lonse.

M'mawa mwake, maliro a mayi Zena atapita, ndinapeza amayi akusesa pabwalo. Ndinagwada pafumbi pomwepo.

"Amayi, nkhani ija ndinalemba ndine."

Sanasiye kusesa.

"Ndikudziwa."

"Mukudziwa? Chiyambire liti?"

"Tsiku lomwe ndinaimva. Mkazi wa m'nkhani yako akuodira ataima kumutu. Ine ndimaima kumapazi. Kumutu ndinaima kamodzi kokha, chipinda chitachepa, tsiku limene unathira madzi iwe."

Ndinamva ngati nthaka yapendekeka.

"Ndiye bwanji simunanene? Mayi Ajira akukutukwanani, chipande akukulandani, bwanji simunangoti ndi Zakia?"

Apa anaimika tsache.

"Ndasunga zinsinsi za akufa zaka makumi awiri ndi zitatu. Ndikanalephera cha wamoyo mmodzi amene ndinabereka ndekha? Ndinkadikira kuti ubwere ndi miyendo yako. Ndinkati mawa, ndinkati mkuja. Wabwera Zena ali kale m'dothi."

"Koma dzanjalo ndinapeka, amayi, wallahi. Bwanji onse akuti ndi lawo?"

"Chifukwa ndiwe mwana, umalemba zimene sukuzidziwa. Manja ambiri amafika ofumbata. Thupi likazizira limauma, basi. Ntchito yanga ndi kuwafewetsa ndi madzi ofunda, chala chimodzichimodzi. Wachibale aliyense amene anaonapo zimenezo ankangoti ndi mmene imfa ilili. Iwe wawauza kuti mkatimo muli kanthu."

Anatolanso tsache.

"Pakamwa panga sipatuluka dzina lako. Ukanene wekha kapena usanene. Dzuka, ukundipondera zinyalala."

6

Lachinayi lililonse masana amayi a kuno amasonkhana m'kalasi ya madrasa kuphunzira za chipembedzo. Amayi anga sanasiye kupita ngakhale kuti mkeka wawo anthu ankauthawa. Tsiku limenelo ndinapita nawo. Subira ndinamusiya kwa Lusiya, kuopa kuti zinthu zikavuta angapwetekere kumbuyo kwanga.

Phunziro lisanayambe ndinaimirira.

"Amayi, ndili ndi mawu. Namasupuni amene mukumufuna uja ndine."

Wina anaseka. "Iwe? Wa mandasi?"

"Ine ndemwe. Foni iyi, muli zolemba zake zonse ndi tsiku limene ndinatumiza. Amene amatha kuwerenga abwere aone."

Mtsikana wina wa ku sekondale anailandira, nayang'ana, nagwedeza mutu kuti ndi zoona. Phokoso linabuka ngati msika wapsa.

"Mwana wotembereredwa!"

"Ndiye anakuuza ndi mayi ako, si choncho?"

"Sanandiuze kanthu!" ndinakuwa. "Ndinaba mawu atatu, zina zonse ndinapeka. Pamwamba pa nkhaniyo panalembedwa kuti yopeka, zilembo zikuluzikulu. Wojambula mawu uja anadumpha pamenepo, inu simunafunse. Chithumwa ndinalemba ine? Kapepala ka dzina la mwamuna kali m'nkhani yanga? Zimenezo munalemba ndinu, ndi pakamwa panu, pa mjigo!"

"Tamuonani, akutilalatiranso!"

Mayi Ajira anadzuka. Anthu anawapatukira. Anafika pamaso panga, ndipo mbama imene anandipatsa ndinaimva mpaka m'mano. Sindinabweze, inali yanga. Ndinkadikira yachiwiri. Koma anandigwira mapewa, mawu awo atasanduka aang'ono.

"Ndiye mwana wanga anafumbata chiyani?"

"Sindikudziwa, mayi. Safia sindinamuone."

"Usandinamize. Unalemba kuti munali kanthu kamoyo. Kanali chiyani? Ine tsiku lija nditaona dzanja lija ndinathawa m'chipindamo, sindinapirire. Mwana wanga anapita chofumbata. Mwina ankafuna kundipatsa kanthu, ine n'kuthawa."

Mkwiyo wonse umene ndinabwera nawo unatha. Mayi ameneyu masabata onsewa sankangolusa ayi. Ankaimvetsera nkhani yanga mobwerezabwereza, kufunafuna mwana wake mkati mwa bodza langa.

Amayi anga anadzuka pamkeka wawo. Sanayang'ane munthu. Anawagwira mayi Ajira padzanja, napita nawo pakona ya kalasi, kuseri kwa bolodi. Anawanong'oneza m'khutu nthawi yaitali ndithu. Tinangoona msana wa mayi Ajira ukugwedezeka, kenako anakhala pansi n'kulira kulira kwenikweni, kumene sanalire ngakhale tsiku la maliro.

Pobwerera kunyumba ndinafunsa kuti anawauza chiyani.

"Ndiwe mayi wake wa Safia?" anatero amayi.

Mpaka lero sindikudziwa.

7

Amidu sanandimangirire kunjinga. Anakhala masabata awiri osandilankhula, foni anaitsekera m'sutikesi, ndipo achemwali ake mpaka pano amanditcha "a Namasupuni" tikakumana pa chigayo. Pa siteji mandasi anga ena amawadutsa. Ndimakazingabe, mwana ayenera kudya. Mwamuna wa Safia anayambanso kukaona khanda lake, koma anthu ena akaliona amaliyang'anitsitsabe nkhope, kufuna kuona kuti lafanana ndi ndani.

Patatha mwezi kunagwa maliro a mtsikana wina kuseri kwa msika. Anatuma munthu kwa amayi. Ine ndinapsa mtima.

"Mupitadi? Anthu omwe aja anakulandani chipande?"

"Amene wagona apoyo sanandilande kanthu."

Anatenga kachikwama kawo. Ndinaona mpata woti ndikonze zimene ndinaononga. Mayi Zena kulibe, wothira madzi panalibe.

"Ndikuperekezeni, amayi. Ndikathira madzi. Sindidzalembanso za m'chipinda chija, ndalumbira."

Anaima pakhomo. Sanakweze mawu, ndipo bola akanakweza.

"Wothira madzi alipo, ndi Ajira. Ndayamba kumuphunzitsa. Iwe ndinakukhululukira, Zakia, usamayende ndi mtima wolemera. Koma Zena anandipempha chinthu chimodzi pa moyo wake wonse, ndipo munthu sasambitsidwa kawiri. Ndiye ndamuuza kale Ajira, ndi iwenso ndikuuze ndikadali ndi mpweya. Tsiku langa likadzafika, iwe udzakhale panja. Udzaphikire alendo, udzalire mmene ungafunire. M'chipinda changa usadzalowemo."

Kwathu kuno mwana wamkazi ndiye amathira madzi omaliza pa thupi la mayi wake. Ine ndine mwana wawo wamkazi mmodzi yekha.

Tsopano ndibwere kwa inu owerenga. Mlandu wanga ndauvomera. Ndinatola chinthu cha m'chipinda chimene sichitoledwa kanthu, ndipo nditaona moto ukuyaka ndinayamba ndauwotha. Chilango chake mwachimva, ndipo sindikupempha kuti wina andichepetsere.

Koma inu musachoke pano mukupukusa mitu ngati mwangodutsa. Nkhani inakuopsani, chabwino, ndinailembera zomwezo. Mukanaitukwana, mukanati wolemba ndi wamisala, mukanaizimitsa n'kukagona. M'malo mwake munapita kukaifunira nkhope. Simunathe kukhala ndi funso lopanda yankho ngakhale sabata imodzi, ndiye munatenga mayi wa nyamakazi ndi mtsikana wakufa pobereka n'kuwaika pamene ine ndinasiya dala popanda kanthu. Amene analemba kuti "mayiyo ndimamudziwa" sanapepese. Amene analanda chipande anadzapereka moni ngati palibe chinachitika. Ana a mayi Zena akuti iwo anangomva za anthu. Aliyense anangomva za anthu, ndipo anthuwo sapezeka.

Ine ndimapezeka. Ndili pa siteji tsiku lililonse, pafupi ndi pamene amapakira a ku Monkey Bay, beseni la buluu. Amene akadali ndi mawu abwere adzandiuze pamaso.

Amayi anga ali bwino, akuyenda, dzulo anadzatenga Subira kuti akagone kwawo. Ndimawapempherera moyo wautali kuposa mmene mwana aliyense amapemphererera mayi wake. Ena amaopa tsiku limenelo chifukwa adzalowa m'chipinda. Ine ndikudziwa kale pamene ndidzakhale: panja, pafupi ndi mafuwa, ndikumva madzi akuthiridwa ndi munthu wina.